Tirigu wa haibulidi sachititsa amuna kusabereka

Uthengawu umangobwerabe m'magulu a WhatsApp: akuti tirigu wa haibulidi anamuchotsa mphamvu yobereka, ndiye mwamuna akadya buledi wake sangaberekenso. Ndi bodza.

Duwa la tirigu lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, ndipo kawirikawiri limadziberekesa lokha lisanatseguke. Kuti mitundu iwiri ikwatitsidwe, akatswiri amapanga mzere umodzi wosatulutsa mungu, nthawi zina pogwiritsa ntchito chibadwa chochokera ku tirigu wotchedwa Triticum timopheevii. Pambali pake amabzala mzere wotulutsa mungu wambiri, womwe timatumba take ta mungu timatulukira kunja kwa duwa, chifukwa mungu wa tirigu ndi wolemera ndipo umafa pakangopita mphindi zochepa. Mzere wachimunawu umanyamulanso tizigawo ta chibadwa tobwezeretsa kubereka, choncho mbewu yomwe mlimi amabzala imabereka bwinobwino. Kusaberekako ndi kwa duwa. Sikulowa m'thupi la munthu kudzera m'chakudya.

Mukalandira uthenga wotere, onani ngati watchula amene anafufuza komanso komwe zinalembedwa, kenako funsani mlangizi wa zaulimi kapena dokotala. Ngati palibe zimenezi, chonde musautumizenso.