Kodi ntchito ya maola onse imayambira pati?

Funso limene timalandira kawirikawiri ife ogwira ntchito yoyang'anira antchito ndi lakuti: munthu azigwira maola angati kuti atchedwe wantchito wa maola onse, osati wa maola ochepa? Ambiri amadikira nambala. Koma lamulo la ntchito la Malawi, Employment Act ya 2000, silinaike nambala yogawa magulu awiriwa. Linangoika malire a pamwamba, oti bwana asapitirire.

Malirewo ndi maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Amene amagwira masiku 6 pa sabata sayenera kupitirira maola 8 pa tsiku. Amene amagwira masiku 5 kapena kuchepera apo angathe kufika maola 12 pa tsiku, bola pa sabata asadutse 48 aja. Ndipo palibe woyenera kugwira masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Nambala ya 48 si yathu yokha ayi. Inachokera ku pangano loyamba la ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, la mu 1919, lomwe linakhazikitsa maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata m'mafakitale.

Nanga wa maola ochepa ndi ndani? Pangano lina la ILO, la mu 1994, limati ndi wantchito amene maola ake ndi ocheperapo powayerekeza ndi a mnzake wogwira ntchito yofanana nthawi yonse. Choncho nkhani yagona pa kuyerekeza. Ngati m'sitolo onse amagwira maola 48, mayi wobwera m'mawa okha kwa maola 24 pa sabata ndi wa maola ochepa. Koma mu ofesi imene onse amalowa Lolemba mpaka Lachisanu kwa maola 40, wogwira maola 40 ndi wa maola onse, ngakhale sanafike 48. Pepala loyamba kuliyang'ana ndi kontirakiti, chifukwa lamulo limafuna kuti maola a ntchito alembedwemo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Bwana amamuuza munthu kuti "iwe ndi waganyu", pomwe munthuyo amafika tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi, miyezi ndi miyezi, malipiro ake n'kumalandira pakutha pa mwezi. Ganyu weniweni ndi ntchito yogwirizana mtengo, ikatha mwasiyana, monga kupalira munda kapena kutsitsa katundu m'lole. Dzina limene bwana wakupatsani silichotsa ufulu wanu. Nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kapena ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court, amafunsa kuti ndani amakulamulani nthawi yolowera ndi yowerukira, mwagwira nthawi yaitali bwanji, ndipo mumalipidwa motani.

Ovataimu nayo ili ndi mitengo yake. Ola lowonjezera pa tsiku la ntchito limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ola lililonse limalipidwa kawiri. Ndimawamvera chisoni kwambiri alonda. Mlonda wolowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku 6, wagwira maola 72. Maola 24 apitirira malire, ndipo ayenera kuoneka pa malipiro ake. M'nyumba zambiri za m'tauni masamu amenewa sachitika n'komwe.

Tchuthi cha pachaka chimatsatanso masiku ogwira ntchito: masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5.

Kwa abale amene ali kunja, malamulo a kuno musapite nawo. Ku South Africa lamulo la mu 1997 limaika maola 45 pa sabata, ndipo wogwira maola osakwana 24 pa mwezi kwa bwana mmodzi satetezedwa ndi zigawo zambiri zokhudza maola. Izi zimakhudza kwambiri ogwira m'makomo ndi m'minda ya maluwa ku Johannesburg ndi Cape Town, omwe amagawa sabata yawo kwa mabwana atatu kapena anayi. Ku Britain nakonso kulibe nambala ya lamulo, ngakhale boma limati wa maola onse nthawi zambiri amagwira maola 35 kapena kuposa. Komweko, ophunzira ambiri a ku yunivesite ochokera kunja amaloledwa maola 20 okha pa sabata sukulu ikamayenda, ndipo kudutsa apo kungawaonongere viza.

Langizo langa kwa wa maola ochepa ndi limodzi: khalani ndi kabuku, muzilemba tsiku, nthawi yolowa ndi nthawi yoweruka. Pakabuka mkangano, bwana amabwera ndi kaundula wake, ndipo wantchito amene alibe cholemba chilichonse amavutika kutsimikiza maola amene akufuna kuti amulipire.