Kamba ndi bilimankhwe nawonso ali m'malamulo

Anthu ambiri amaganiza kuti malamulo a nyama zakutchire ndi a njovu, chipembere ndi ngaka basi, eti kamba kapena bilimankhwe ukhoza kungotola n'kugulitsa kwa okaweta kunja palibe mlandu. Ayi ndithu. Akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, kutuluka naye m'dziko muno opanda pemiti ya Dipatimenti ya National Parks and Wildlife ndi mlandu. Mu 2016 pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg anawonjezerapo tiabilimankhwe tating'ono ta Rhampholeon, monga ka Chapman kamene mwachilengedwe kamapezeka ku Malawi Hills ku Nsanje kokha, nkhalango yake yatsala pang'ono kutha ndi minda ndiye wina azikatolanso kokaika mu galasi ku Ulaya? Lamulo lathu linakhwimitsidwanso mu 2017, zilango zake si zamasewera.