Banja likatha, udindo wa bambo pa mwana sutha

Kuno ku Mulanje, kumene ambiri timatsata chikamwini, pali maganizo akuti mwamuna akanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, ana amatsala a mayi ndi amalume awo basi. Mayi amangoti, "Ana ndi anga, ndidzalera ndekha," n'kumathyola tiyi kapena kugulitsa nanazi pamsewu kuti apeze sopo ndi yunifolomu.

Izi zimandipweteka mtima, chifukwa lamulo silinena choncho. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo wolera mwana kwa makolo onse awiri, kaya anakwatirana kutchalitchi, kwa ankhoswe, kapena sanakwatirane n'komwe. Ndipo kuyambira 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwinimbumba angathandize mwa chifundo chake, koma salowa m'malo mwa bambo.

Ena amaopa kuti kukadandaula ndi kumangitsa bambo wa ana. Ayi. Khoti limayang'ana zosowa za mwana ndi zomwe bamboyo amapeza, n'kulamula ndalama zoti azipereka. Poyambira pake ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, kapena ku Victim Support Unit kupolisi, mutatenga buku la kuchipatala la mwanayo.