Mankhwala a khunyu sadumphitsa: mafunso ndi mayankho

Wodwala khunyu akamalandira mapiritsi kuchipatala amauzidwa lamulo ili: imwani tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, ndipo musasiye panokha. Ambiri amavomera, koma pakatha miyezi itatu osagwa, kapepala ka mankhwala kaja kamaiwalika pawindo. Ine ndimaona kuti lamuloli limavuta kusunga ngati munthu sanauzidwe zimene zikuchitika m'mutu mwake.

Kodi munthu akamagwa khunyu, mu ubongo mukuchitika chiyani?

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo muli maselo otchedwa ma neuron okwana pafupifupi 86 biliyoni. Neuron iliyonse ili ndi tinthambi tambirimbiri tolandirira uthenga, komanso kachingwe kamodzi kotumizira uthenga kotchedwa axon. M'kachingwemo uthenga umayenda ngati kamphamvu ka magetsi.

Chodabwitsa nchakuti ma neuron ambiri sagundana. Pakati pawo pamatsala kampata kochepetsetsa kotchedwa synapse. Magetsi aja akafika pakampatapo, neuron imatulutsa timankhwala totchedwa ma neurotransmitter, timene timawoloka n'kukafikitsa uthenga tsidya linalo. Pa nkhani ya khunyu, tiwiri ndiye tofunika kwambiri. Glutamate amauza neuron inzake kuti idzuke, pamene GABA amaiuza kuti idekhe. Kudzutsa kukaposa kudekhetsa, khamu la ma neuron limayaka nthawi imodzi, ngati pabwalo la amfumu anthu onse atayamba kukuwa pamodzi. Pamenepo ndi pomwe munthu amagwa, kuuma thupi, kuphupha ndi kutuluka thovu kukamwa.

Si onse amene amagwa. Mwana wina amangoti maso tong'oo kwa masekondi ochepa, pensulo ili m'manja, kenako n'kupitiriza kulemba osadziwa kuti pachitika kanthu. Mwana wotere kawirikawiri amakalipiridwa kuti samvetsera m'kalasi, chonsecho akudwala.

Nanga mapiritsiwa amachita chiyani?

Phenobarbitone, amene wakhala akuthandiza odwala khunyu kuyambira mu 1912, amawonjezera mphamvu ya GABA. Carbamazepine ndi phenytoin amagwira timakomo tolowera mchere wotchedwa sodium mu neuron kuti isamayake mobwerezabwereza. Onsewa sachotsa chimene chinayambitsa matendawa, kaya ndi chipsera cha malungo aakulu, kuvulala m'mutu, kapena vuto la pobadwa. Ntchito yawo ndi kuletsa phokoso lija lisanayambe, ndipo amatero pokhapokha ali okwanira m'magazi. Chiwindi chimawaphwanya usana ndi usiku, choncho piritsi la lero limabwezeretsa zimene zatha kuchokera dzulo. Mukadumphitsa, mlingo umatsika ndipo ma neuron amatsala opanda wowagwira.

Ndikaiwala kumwa nditani?

Imwani mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, ingodikirani nthawiyo. Musamwe awiri pofuna kubweza.

Papita chaka osagwa. Kodi sindinachire?

Apa ndiye pamene ambiri amapwetekera. Simukugwa chifukwa mankhwala akugwira ntchito. Ubongo umene wazolowera phenobarbitone ukamanidwa mwadzidzidzi, khunyu limatha kubwera lamphamvu kuposa kale, lobwerezabwereza munthu asanatsitsimuke, ndipo limeneli limapha. Adokotala amayamba kuganiza zosiyitsa mankhwala munthu akatha zaka ziwiri osagwa, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Ena amafunika kumwa moyo wawo wonse. Nchifukwa chake ndimachonderera kuti muzitenga buku lanu la kuchipatala n'kukalandira ena mapiritsi akadalipo a sabata yathunthu. Mvula ikadula msewu kapena mankhwala akasowa tsiku limenelo, muzikhala muli ndi pogwira. Ndipo ngati mukupita ku mapemphero, pitani, koma mapiritsi akhale m'thumba.

Ndili ndi pakati, kapena ndikumwa mankhwala ena. Lamuloli likundikhudzabe?

Inde. Musasiye, koma kauzeni adokotala msanga, makamaka musanaime. Mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndiye kwa mayi amene angathe kubereka adokotala amasankha ena ngati nkotheka. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, motero amafooketsa mapiritsi olera, njira yolera yoika pamkono, ngakhalenso ma ARV ena monga dolutegravir. Musachite manyazi kutchula zonse zimene mukumwa.

Mowa bwanji?

Mowa umakhudza GABA yemweyo, ndipo ukamatha m'thupi ubongo umakhala wosachedwa kuyaka. Kuchezera usiku osagona nakonso kumaputa khunyu.

Kodi kusunga lamuloli kumathandizadi?

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo anthu 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa atapezeka ndi kulandira chithandizo choyenera. Mwa anthu amenewa muli mayi wophika yekha osaopa kugwera pamoto, ndi mwana wobwerera kusukulu.

Akagwa ngakhale akumwa mankhwala, ife oyandikira titani?

Musathawe. Thovu lake, mkodzo wake kapena mpweya wake sizipatsira munthu khunyu, chifukwa vutolo lili m'maselo a mu ubongo wake. Mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikeni chitenje chopinda pansi pa mutu, ndipo akasiya kuphupha mgonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Musamupanikize, musamulowetse supuni m'kamwa chifukwa lilime silimezeka koma mano amathyoka, ndipo musamumwetse kanthu asanatsitsimuke bwinobwino. Yang'anani nthawi pafoni. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanadzuke, thamangirani naye kuchipatala, ndipo mutenge buku lake ndi mapiritsi amene akumwa.