Ng'ombe yanu mwina si chumba

Mlimi akandiitana n'kunena kuti, "Alangizi, ng'ombe yangayi ndi chumba," ndimayamba ndafunsa tsiku limene anaiona komaliza ikufuna nkhunzi. Ambiri sakumbuka, ndipo zimandipweteka, chifukwa ng'ombe zabwinobwino zikugulitsidwa kwa ogula nyama pa chifukwa chimenechi.

Choyamba chimene chimalepheretsa ng'ombe kutenga bere ndi kuphonya nthawi. Thadzi limafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, koma nyengoyo imangotenga maola 12 mpaka 18, ndipo nthawi zambiri imagwa usiku. Ng'ombe yokhala yokha m'khola, monga momwe ambiri amawetera ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, ilibe inzake yoti iikwere kuti mudziwe. Muziyang'ana nokha m'mamawa ndi madzulo: imalira kwambiri, imasowa mtendere, mkaka umachepa, ndipo kumaliseche kumalendewera chikazi choyera chonanda ngati cha dzira losaphika. Mukaona zimenezi m'mawa, woika umuna (katswiri wopereka umuna wa nkhunzi kwa thadzi ndi chipangizo) afike madzulo ake. Mukaziona madzulo, afike m'mawa mwake. Akachedwa tsiku lathunthu, ndalama zanu zapita, mudikirenso masabata atatu.

Chachiwiri ndi njala. Ng'ombe ikangobereka, thupi lake limaika mkaka patsogolo. Ikamadya mapesi ouma okhaokha m'chilimwe, popanda nsenjere, madeya ndi mchere wa ziweto, imaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo mazira amasiya kukhwima. Yotereyi jekeseni saithandiza, imafuna chakudya.

Chiberekero nachonso chimadwala. Nsengwa ikapanda kutuluka patatha maola 24 ng'ombe itabereka, chonde musaikoke kapena kumangirirapo mwala. Mumavulaza mkati, pamabwera mafinya onunkha, ndipo umuna sungagwire m'chiberekero chotere. Itanani dokotala wa ziweto.

Nthawi zina vuto lili ku umuna. Umasungidwa m'thanki yozizira madigiri 196 pansi pa ziro, ndiye ukatentha panjira umafa. Nkhunzi yobwereka nayo imatha kufalitsa matenda khola ndi khola. Ng'ombe ikapoloza bere litakula, ganizirani za brucellosis, matenda amene amagwiranso anthu. Zotulukazo musazigwire ndi manja, zikwirireni mozama, ndipo mkaka muziwiritsa.

Chumba chenicheni ndimachipeza mwa apo ndi apo. Kawirikawiri amakhala thole lalikazi lobadwa mapasa ndi lalimuna: pa khumi otere, pafupifupi asanu ndi anayi sabereka.