Bokosi lagulidwa, nanga fizi ya ana?

Patatha sabata zitatu chiikire amuna awo m'manda, mayi wina anabwera ku ofesi kwathu atanyamula envulopu ya mapepala. "Abambo ankati ali pa inshuwalansi," anatero. Titaunika mapepalawo tinapeza kuti n'zoona analipo, koma inali ya maliro basi. Ndalamazo zinali zitathera m'bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi ndi ufa wodyetsa anthu pasiwa. Kunyumba kunatsala ana atatu a sukulu, ndipo mwini nyumba anali atayamba kale kufunsa za lendi.

Amalawife timaopa kwambiri manyazi a pamaliro, n'chifukwa chake inshuwalansi ya maliro siivuta kugulitsa. Sindikuinyoza ayi, imathandiza ndithu, koma ntchito yake imatha tsiku losesa. Yolera ana ndi inshuwalansi ya moyo, yomwe imapereka ndalama zochuluka kwa amene munawalemba inu mukatsamira mkono.

Ngati muli pa ntchito yolembedwa, yambani mwafunsa kuntchitoko. Kuchokera m'chaka cha 2011, lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kuika antchito awo pa inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ambiri sadziwa n'komwe. Koma tawerengani: wolandira K400,000 pamwezi asiyira banja lake K4.8 miliyoni. Mwana wa sitandade 3 angafike nazo folomu 4? Komanso mukangochoka pantchitopo, chitetezocho chimathera pomwepo. Amene ali pa geni kapena pa ulimi, iwo alibiretu pokhapokha atadzigulira okha.

Ndiye musayambe ndi funso loti ndizilipira zingati pamwezi. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwerenge zaka zomwe zatsala kuti chitsiriza amalize sukulu, muphatikize lendi, chakudya ndi ngongole zomwe muli nazo. Ngongole zambiri za kubanki zimabwera ndi inshuwalansi yakeyake, koma imeneyo imangofafaniza ngongoleyo, siigula ndiwo.

Pali mdani wina amene ajenti ambiri ogulitsa inshuwalansi samutchula: kugwa mphamvu kwa kwacha. M'mwezi wa Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ndalama zomwe zinkaoneka zambiri posaina m'chaka cha 2020, lero sizingamange ngakhale khitchini. Funsani ngati ndalama zodzalandirazo zimakwera chaka ndi chaka. Zolipira pamwezi nazo zikwera, inde, koma ine ndingasankhe zimenezo kusiyana ndi pepala lokhala ndi nambala yomwe yaima malo amodzi.

Kampani zilipo zingapo, monga NICO Life, Old Mutual ndi Vanguard Life. Onetsetsani kuti kampani komanso ajenti amene akukugulitsaniyo ali ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, komwenso mungakadandaule zinthu zikasokonekera.

Podzaza fomu musabise matenda. Ngati muli ndi shuga kapena BP, nenani. Mukabisa, kampani ikhoza kudzakana kulipira inu kulibe, ndipo wovutika adzakhala wamasiye. Funsaninso kuti mukalumphitsa miyezi ingati osalipira pangano limafa.

Pomwe ndimaona misozi yambiri m'pa dzina la wolandira ndalama. Munthu analemba mayi ake kapena mchimwene wake ali mbeta, kenako anakwatira, nabereka ana anayi, fomu osaisintha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma ngati dzina lili pafomu ndi la achimwene, mlandu wake ngwovuta komanso wochedwa. Mukakwatira, mwana akabadwa kapena banja likatha, pitani mukasinthe. Ndipo auzeni akazi anu kapena amuna anu pomwe mwasunga mapepalawo, limodzi ndi dzina la kampani, poti pokatenga ndalama adzafunsidwa nambala ya panganolo, chitupa cha unzika ndi chikalata cha imfa.