Kuchoka pa kuponi kufika pa chigubu: momwe ovota a 2009 adatayira mtima pa Bingu

Pa 20 Julayi chaka chilichonse anthu amapita ku manda a Zolozolo mumzinda wa Mzuzu kukaika nkhata pa mitumbira ya ena mwa amene adaphedwa pa zionetsero za mu 2011. Ukatha mwambowo, mkangano umakhala womwewo: zidatheka bwanji kuti mtsogoleri amene adakolola mavoti 66 pa 100 alionse mu Meyi 2009 ayambe kusakana ndi anthu ake m'misewu patangotha miyezi 26? Funsoli lidatukukanso pambuyo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, pamene a Lazarus Chakwera adatsika kuchoka pa mavoti pafupifupi 59 pa 100 amene adapeza mu 2020 kufika pa 33, mizere ya galimoto itabwereranso m'malo omwetsera mafuta. Anthu ambiri akamakamba za malemu Bingu wa Mutharika amangoti "adasintha". Nzoona, koma mawuwa amabisa mfundo yaikulu. Wovota wa 2009 adali ndi chinthu chogwirika chimene ankavotera, ndipo adagwa mphwayi pamene chinthucho chidayamba kuchoka m'manja mwake.

Chinthucho chidali kuponi. Mu 2005 dziko lidakolola chimanga cha matani pafupifupi 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu oyandikira 5 miliyoni adafunika thandizo la chakudya. A Bingu, amene adali atangotuluka mu UDF mu Febuluwale chaka chomwecho n'kuyambitsa DPP, adakhazikitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ngakhale ena mwa maiko othandiza ankainyinyirika. Banja losankhidwa linkayenera kulandira makuponi awiri a feteleza, wina wa thumba la makilogalamu 50 la wokulitsa wa 23:21:0+4S, wina wa thumba la wobereketsa wa yureya, n'kukaombola ku ADMARC kapena ku depoti ya SFFRFM. Chaka choyamba thumba linkaomboledwa pa K950. Mu 2008/09, pamene m'sitolo thumba lomwelo lidafika cha m'ma K10,000, wa kuponi ankalipira K800, ndipo chaka chotsatira mtengowo udatsika kufika pa K500. Zovuta zidalipo zambiri: makuponi ochepa kuyerekeza ndi mabanja, moti m'midzi yambiri anthu awiri ankagawana thumba limodzi, feteleza kufika mvula itagwa kale, makalaliki ofuna kenakake pamwamba, mavenda ogula makuponi kwa osauka. Koma nkhokwe zidadzaza. Unduna wa zaulimi udalengeza matani oposa 3 miliyoni mu 2007, ndipo chimanga china chidagulitsidwa ku Zimbabwe.

Ziwerengero za undunazo si onse amazikhulupirira. Mu 2008 mtengo wa chimanga udakwera kwambiri mpaka boma lidaletsa amalonda akuluakulu kugula chimanga, zomwe sizigwirizana bwino ndi dziko loti lili ndi chakudya chosefukira. Akatswiri Andrew Dorward ndi Ephraim Chirwa, amene adaiunika ndondomekoyi zaka zingapo, adapeza kuti zokolola zidakweradi, koma mu 2008/09 idadya pafupifupi 16 pa 100 ya bajeti yonse ya boma. Mlimi wa kumudzi sankawerenga malipoti amenewa. Iye ankaona kuti ana akugona atadya, ndipo ankamva pa wailesi kuti aphungu a MCP ndi UDF akukana kukambirana bajeti, imene mudali feteleza wakeyo, mpaka nkhani ya Gawo 65, lamulo lokhudza aphungu osintha chipani, itatha. Mtsogoleri amene ankaoneka wozunzidwa ndi Nyumba ya Malamulo adasanduka wa anthu.

Pa 19 Meyi 2009 a Bingu adachita chimene palibe adachitapo chiyambire ndale za zipani zambiri. Dziko limene linkavota motsata zigawo lidavotera munthu mmodzi. A John Tembo a MCP, ngakhale adali ndi a Bakili Muluzi kumbuyo kwawo, adatsalira pa 30 pa 100. DPP idatenga mipando yoposa 110 mwa 193. Chigawo cha kumpoto, chimene si kwawo kwa a Bingu, chidawapatsa mavoti oposa 90 pa 100 alionse. Chiwerengero chimenechi nchofunika kuchisunga m'mutu, chifukwa kumpoto komweko nkumene chikondi chidayambira kuzirala.

Miyezi ingapo chisankho chitangotha, boma lidabwezeretsa njira ya kota posankha ophunzira opita ku Yunivesite ya Malawi, yogawa malo motsata maboma. Ku mpoto adaimva ngati mbama yochokera kwa munthu amene adangomukweza kumene. Sinodi ya Livingstonia idatsutsa poyera, ndipo a Harry Mkandawire, mkulu wa DPP yomwe, adalemba kalata yodzudzula mtsogoleriyo n'kumangidwa. Zina zidatsatizana mofulumira: ndege ya pulezidenti ya madola pafupifupi 22 miliyoni, imene idachititsa Britain kudula thandizo la mapaundi 3 miliyoni, kusintha mbendera mu 2010, doko la Nsanje limene lidatsegulidwa mu Okutobala 2010 popanda bwato la katundu kufika, chifukwa a ku Mozambique adagwira bwatolo, kuchotsedwa m'chipani kwa a Joyce Banda ndi a Khumbo Kachali mu Disembala 2010 pa nkhani yokonzera mpando a Peter Mutharika, kuimitsidwa kwa bungwe loyendetsa zisankho la MEC ndi kukankhidwa kwa chisankho cha makhansala. Maepiskopi a Katolika adachenjeza m'kalata yawo ya kumapeto kwa Okutobala 2010. Zonsezi zidakwiyitsa anthu ophunzira, amipingo ndi amabungwe. Komabe nkovuta kukhulupirira kuti mbendera kapena kota zokha zikadatulutsa kondakitala wa minibasi ndi mayi wogulitsa mandasi kupita pamsewu. Chidawatulutsa ndi mafuta.

Vuto la mafuta lidali vuto la dola, ndipo lidayamba ndi chikhulupiriro cha a Bingu eni. Iwo, monga katswiri wa zachuma, ankakana kutsitsa mphamvu ya kwacha ponena kuti dziko logula kunja pafupifupi chilichonse limangolanga osauka likatero. Mfundoyi si yopusa, ndipo zimene zidachitikira mitengo ya zinthu kwacha itagwetsedwa mu 2012 zidaonetsa kuti mantha awo adali ndi maziko. Koma kumanga kwacha pa K140, kenako cha m'ma K150 pa dola, kumatheka pokhapokha ngati banki yaikulu ili ndi madola okwanira kugulitsa pa mtengo umenewo kwa aliyense wowafuna. Dola ikakhala yotchipa chotero, anthu amaitanitsa katundu wambiri wakunja, pamene amene ali ndi madola amawabisa kapena kukawagulitsa pamsika wamseri. Feteleza wa makuponi yemweyo ankagulidwa ndi madola. Ndiye kuti chimene chidawapatsa mavoti chinkamwa pa chitsime chimodzi ndi petulo, dizilo ndi mankhwala a m'zipatala.

Chitsimecho chidali ndi akasupe awiri akuluakulu, fodya ndi maiko othandiza, ndipo onse adaphwa m'chaka chimodzi. Fodya, amene ankabweretsa ndalama zakunja zoposa theka, adalowetsa madola pafupifupi 416 miliyoni mu 2010, koma mu 2011 adangobweretsa pafupifupi 293 miliyoni ngakhale alimi adalima wochuluka. Ku okushoni mabelo ankabwezedwa ambirimbiri, ndipo ena ankagulidwa pa mtengo wosafika dola imodzi pa kilogalamu. Ubale ndi ogula udali utaipa kale, pakuti mu 2009 a Bingu adapitikitsa m'dziko akuluakulu ena a makampani ogula fodya powanena kuti akubera alimi. Kampani zoitanitsa mafuta zikalephera kupeza madola m'mabanki, zimalephera kulipira ngongole kwa ogulitsa, ndipo ogulitsawo amasiya kukweza mafuta m'mathanki ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Boma lidayamba ndi kuloza chala ntchito yokonza mlatho wa ku Tete. Mlatho udatha kukonzedwa, mizere idapitirira. Anthu ankagona m'galimoto masiku awiri kapena atatu, zigubu zili ndondondo, mitengo ya minibasi ikukwera, zigayo za dizilo zitaima, maambulansi ali pamzere womwewo.

Pa 12 Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamufunsa chifukwa chophunzitsa kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja nkofanana ndi zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi adanyanyala, a Bingu adati mkulu wa apolisi sapepesa, ndipo sukuluyo idakhala miyezi pafupifupi isanu ndi itatu osaphunzira bwino. Kumapeto kwa Epulo boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yonena kuti mtsogoleriyo akusanduka wankhanza ndi wosafuna kudzudzulidwa itatuluka m'nyuzipepala. Maiko othandiza ankapereka pafupifupi 40 pa 100 ya bajeti. Mu Juni mgwirizano ndi bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF udasokonekera, ndipo nduna ya zachuma Ken Kandodo idabweretsa bajeti yoti boma liziyendetsa ntchito zake za tsiku ndi tsiku ndi misonkho yokha. Msonkho wa 16.5 pa 100 udagwera buledi, nyama, mkaka ndi nyuzipepala. Pakati pa Julayi Britain idaimitsa thandizo lake la ku bajeti. Wovota uja tsopano ankalipira yekha mkangano umene sadauyambe.

Amabungwe, motsogozedwa ndi anthu monga Undule Mwakasungula, Rafiq Hajat ndi MacDonald Sembereka, adakonza chikalata cha madandaulo 20 ndi kupempha anthu kuvala zofiira Lachitatu pa 20 Julayi. Zimene zidachitika m'maola 24 tsikulo lisadafike ndi zimene zidapotoza zonse. Pa 19 Julayi anyamata onyamula zikwanje adazungulira mumzinda wa Blantyre pa galimoto za mtundu wa DPP, masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi osawagwira. Usiku womwewo munthu wina adakatenga chiletso ku khothi choimitsa zionetsero. Anthu ambiri sadamve za chiletsocho, ndipo m'mawa adafika m'malo okumaniranawo n'kupeza apolisi akuwauza kuti abwerere. Maloya a amabungwe adathamangira ku khothi ndipo chiletsocho chidachotsedwa tsiku lomwelo, koma panthawiyo khamu lidali litadikira maola ambiri, lopanda woliongolera, utsi wokhetsa misozi utayamba kale. Bungwe la MACRA lidaletsa wailesi zoima pazokha kuulutsa zimene zinkachitika, choncho njira yodziwitsira anthu zoona idatsekeka pa nthawi imene inkafunika koposa. A Bingu panthawiyo adali pa wailesi ndi kanema wa boma, akupereka phunziro lalitali la zachuma ndi ufulu wa dziko.

Kuba ndi kutentha kudachitikadi, makamaka m'masitolo a anthu amene ankaganiziridwa kuti ndi oyandikana ndi chipani cholamula komanso a amalonda ena akunja, ndipo amene amaikira kumbuyo boma la nthawiyo amatsindika pamenepa. Koma apolisi adayankha ndi zipolopolo zenizeni ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga, mpaka pa 21 Julayi asilikali adalowa m'misewu. Chiwerengero cha akufa chimasiyana malinga ndi amene akunena: unduna wa zaumoyo udayamba ndi 18, bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidati 19, ndipo komiti yofufuza imene lipoti lake lidatuluka mu 2012 idati 20, n'kunenanso kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Onse amagwirizana pa chimodzi, kuti mzinda umene udataya anthu ambiri ndi Mzuzu, likulu la chigawo chija cha mavoti oposa 90 pa 100. Mtsogoleri akadapita kukakhuza maliro amenewo, mwina ena akadamukhululukira. M'malo mwake, polankhula ku Zomba patangopita masiku awiri, adatchula maina a otsutsa ndi amabungwe n'kulonjeza kuti awasaka mpaka kuwatulutsa kumene abisala. Sabata yotsatira America idaimitsa thandizo la madola 350 miliyoni lokonzera magetsi.

Miyezi yotsalayo idangowonjezera. Mu Ogasiti kwacha idatsitsidwa ndi 10 pa 100 yokha, pamene pamsika wamseri dola inkangokwerabe mtengo. Mwezi womwewo Episkopi Joseph Zuza, pa mapemphero a dziko lonse a Bingu ali pompo, adati munthu wodziyesa kuti ali ndi mayankho onse ndi chindere chakufikapo. Pa 24 Seputembala wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adati adadzipha, koma komiti yofufuza ya mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Mu Malichi 2012 msonkhano wa PAC, bungwe la zipembedzo, udapempha mtsogoleriyo kuti atule pansi udindo kapena aitanitse riferendamu. Pa 5 Epulo a Bingu adamwalira.

Apa mpamene mbiri ili ndi mpata. Palibe chisankho cha pulezidenti chimene chidayeza kuti mwa ovota pafupifupi 3 miliyoni aja, ndi angati adali atawatembenukira. Zionetsero zidali za m'tauni, pamene kumudzi makuponi ankabwerabe ngakhale m'chaka chovutacho. Amene amati anthu akumudzi sadawataye a Bingu amaloza khamu limene lidafika ku Ndata pa maliro awo, ndiponso kupambana kwa DPP mu 2014. Koma a Peter Mutharika adapambana chaka chimenecho ndi 36 pa 100, kutali kwambiri ndi 66, ndipo kumpoto kudapita kwa a Joyce Banda.

Umboni wa m'bokosi la mavoti a Bingu ali moyo ulipo, ngakhale ndi wa dera limodzi. Pulofesa Moses Chirambo, phungu wa DPP wa dera la pakati m'boma la Rumphi, adamwalira mu Ogasiti 2010 atangochotsedwa pa unduna wa zaumoyo. Pa maliro awo mlembi wamkulu wa Sinodi ya Livingstonia, m'busa Levi Nyondo, adadzudzula boma, ndipo adamangidwa pa mlandu woutsa anthu kuti aukire boma. Mpandowo udakhala wopanda phungu kopitirira chaka chifukwa MEC idali itaimitsidwa. Chisankho chapadera chitachitika mu Seputembala 2011, patangotha milungu yosakwana isanu ndi iwiri chichitikireni za pa 20 Julayi, anthu a m'midzi ya ku Rumphi, alimi a fodya ndi chimanga amene adalandira makuponi omwe aja, adachotsa mpandowo m'manja mwa DPP n'kuupereka kwa a Enoch Chihana a AFORD.